Belu la Mkulu wa Doko ndi Ambulera Yofiira

Pulani inabadwa Lachinayi masana m'bala ya kuseri kwa msika wa nsomba, botolo lachinayi litangotsegulidwa. Nambala ya botoloyo ndikuitchula dala, chifukwa nzeru zonse za Injiniya zinkatuluka pakati pa botolo lachitatu ndi lachisanu.

Tinali atatu. Injiniya ndiye anali mutu wa gulu. Dzinalo analipeza atakonza wilibala ya munthu wina, yomwe inathyokanso tsiku lomwelo. Wachiwiri anali Katundu, chimunthu chimene chinasenza matumba padoko zaka khumi, mpaka thumba lina linasochera n'kukapezeka kunyumba kwake. Ndiye ine, Diso. Ntchito yanga inali kuyang'ana ngati kukubwera anthu. Anzangawo ndinali ndisanawauzepo kuti munthu akakhala patali ndimangoona mthunzi woyenda.

"Madala, senderani," anatero Injiniya. Anaviika chala mu mowa wotayikira n'kuyamba kujambula mapu patebulo. "Apa ndi doko. Apa ndi nyumba yakale ya mkulu wa doko. M'chipinda chapansi muli belu lamkuwa la sitima ina imene inamira agogo athu asanamere mano. Wogula ndamupeza kale."

"Nanga tilowa bwanji?" anafunsa Katundu. "Paja pakhomo pamakhala mlonda wandevu uja."

"Tilowera pakhomo pomwepo, aise, dzuwa likuswa mtengo. Loweruka lililonse pamakhala gulu la alendo loyenda wapansi, kuona nyumba zakale ndi zojambula za m'makoma. Mlonda amawatsegulira yekha uku akumwetulira. Ifenso tikhala alendo. Gulu likakwera m'chipinda chapamwamba, ine ndi Katundu titsalira, timasula belu, tiponya m'chikwama. Iwe Diso uima pamakwerero. Ukaona zovuta, ukhosomole. Ndipo njira yothawira ndi iyi..."

Analoza patebulo, koma mapu anali atauma.

"Musadandaule, ili m'mutu mwangamu."

Tinawombanitsa mabotolo.

Loweruka m'mawa tinafika pabwalo lokumanirana titavala chilendo. Injiniya anali ndi kabudula wamaluwa ndi kamera yakufa m'khosi. Katundu anabereka chikwama chachikulu chopanda kanthu, masilipasi kumapazi. Ine ndinavala chipewa chachikulu ndi magalasi akuda amene ndinatola patebulo la akazi anga.

Wotsogolera alendo anatipatsa msana, atanyamula ambulera yofiira. Atatembenuka, ndinamuzindikira. Anali mlamu wanga, mkulu wawo wa akazi anga, mayi amene anaphunzitsa sukulu zaka makumi awiri ndipo mawu awo amaimitsa galu pakati pa msewu. Ndinkadziwa kuti masiku ano amagwira ntchito "ya alendo", koma ndinkayesa kuti ndi kuhotela. Ndikanafunsa. Chimene mlamu wanga waona m'mawa, akazi anga amachidziwa madzi a tiyi asanawire, ndipo akazi angawo anali atandilumbirira kuti ndikadzagonanso kupolisi ndisadzagogodenso pakhomo pawo.

Ndinatsitsa chipewa mpaka pamphuno.

"Alamu!" anakuwa. "Magalasi amenewo si a mng'ono wanga?"

"Ayi... eya. Maso akundivuta, alamu."

"Alendo athu, awa ndi alamu anga! Anabadwira mumzinda muno, koma lero ndi pomwe aganiza zouona. Gwirani ichi, mkono wandilema." Anandipanikiza ambulera m'manja. "Nonse tamverani. Mukasochera, yang'anani ambulera yofiirayi. Kumene ikupita, inunso komweko."

Injiniya anandiyang'ana ngati ndamudyera ndiwo.

Tinayamba ulendo, ine patsogolo ngati tambala, kumbuyo kwanga alendo khumi ndi awiri ndi mbava ziwiri. Apa ndivomere chinthu chochititsa manyazi: ndinayamba kusangalala. Mlamu anatiimika pa nyumba yakale yosungiramo katundu n'kutionetsa mphete zachitsulo zokhomeredwa m'khoma. Akuti kale nyanja inkafika pomwepo, ndipo zombo zinkamangiriridwa pa mphetezo. Ine msewu umenewo ndinaugwirapo ntchito zaka zambiri, kupisa m'matumba a anthu, osadziwa kuti ndikuyenda pansi pa nyanja.

Tinakhota, ndipo pakhoma lonse la nyumba yosanja panali chinsomba chojambulidwa, mchira kudenga, mutu pansi, diso lake lili zenera la munthu. Patsogolo pake panali amayi atatu osenza madengu, aatali kuposa mitengo yamagetsi. Ndinakweza dzanja.

"Alamu, wojambulayo anafika bwanji pamwamba paja?"

Injiniya anandiponda chala. "Ndiwe mlendo wabodza, chitsiru iwe," ananong'ona. "Usamafunse zenizeni."

Koma Katundu nayenso anali atatayika. Anaima kutsogolo kwa chithunzi cha munthu wowerama ndi thumba kumsana, mitsempha ya m'khosi ili gwaa, chikumbutso cha osenza katundu amene anamanga dokoli.

"Msana wanga uwu," anatero. "Palibe anandiuzapo kuti tili pakhoma."

Injiniya anachita kumukoka ndi lamba wa chikwama.

Pa nyumba ya mkulu wa doko zinayenda monga ananenera. Mlonda wandevu anatsegula akumwetulira. Belu linali pakona, lopachikidwa pamtengo, likung'anima ngati lapakidwa mafuta. Mlamu anati silinalizidwepo chiyambire pamene linavuulidwa m'nyanja. Kenako anawomba m'manja.

"Tikwere pamwamba. Alamu, patsogolo, ambulera m'mwamba!"

Choncho mlonda wa gulu lathu, amene ankayenera kuima pamakwerero, anapezeka ali m'chipinda chapamwamba akuona mapu a zombo zakale, ndipo mayi wina wachikulire atamukoloweka mkono.

Za pansi ndinazimva pambuyo pake. Kumasula kunali kosavuta. Vuto linali kachitsulo kolendewera m'kati mwa belu. Injiniya anali atakonza zoti akakulunge ndi masokosi a Katundu, koma Katundu anabwera ndi masilipasi. Injiniya anavula yake, n'kupeza kuti ndi mabowo okhaokha olumikizidwa ndi ulusi.

"Ungoyenda mwaulemu, ngati mkwatibwi," anamuuza.

Katundu anaponya phazi loyamba.

Ngo!

Pamwamba tonse tinalimva. Mlamu anaima pakati pa chiganizo.

"Ndi foni yanga," ndinatero.

Ngo! Ngo!

Pamenepo ndinakumbukira ntchito yanga, ndipo ndinayamba kukhosomola. Ndinakhosomola mpaka misozi, mayi wachikulire uja akundimenya kumsana. Anzanga atamva chizindikiro anataya ulemu wonse n'kuliyatsa liwiro. Anadutsa mlonda pakhomo, belu likulira kumsana kwa Katundu ngati ng'ombe yotsogolera khola. Ngongongongo!

Mantha alibe nzeru. Ndinatsika makwerero atatuatatu n'kuthamangira anzanga. Patali sindinkawaona, koma panalibe chifukwa chowaonera, ndinkangotsata kulira kwa belu. Nditakhota kawiri ndinamva mgugu kumbuyo. Nditacheuka ndinaona gulu lonse likubwera: alendo khumi ndi awiri, mmodzi wa iwo mdala wandodo, mlonda wandevu, ndi mlamu wanga atagwira nsapato m'manja. Ndinadabwa kuti akudziwa bwanji pokhota paliponse. Kenako ndinayang'ana m'mwamba. Ambulera ndinali nditaikwezabe, mowongoka bwino, monga anandiuzira.

Ndinawapeza anzanga pakabwalo kena kozingidwa ndi nyumba. Katundu anali wefuwefu.

"Njira ili kuti, abigi?"

Injiniya anazungulira kamodzi, akufufuza mapu a m'mutu mwake aja. Kenako nkhope yake inawala. "Iyo! Ndinakuuzani!"

Kutsogolo kwathu kunali kanjira kokongola kotsetserekera kunyanja, miyala yoyalidwa bwino, zovala zoyanikidwa pazingwe, ndipo kumapeto kwake kabwato kakudikira pamadzi. Injiniya anaweramitsa mutu n'kuthamanga ndi mphamvu zake zonse.

Phaa!

Linali khoma. Katundu, amene mabuleki alibe, anafika pamsana pake, belu n'kulira kamodzi kotsiriza, mokweza, mpaka nkhunda zinauluka padenga. Ine ndi maso angawa ndinaona anzanga ataima pakhomo pa kanjira, ndipo ndinaganiza kuti akundidikira. Ndinawonjezera liwiro.

Titamatuka, Injiniya anali ndi nyanja yobiriwira kumaso ndi theka la bwato pachipumi. Penti inali yosauma. Pambali, pamwamba pa makwerero, panali bambo wina woonda, bulashi m'manja, kukamwa kuli yasa.

"Masabata atatu," anatero motsitsa. "Masabata atatu ndakhala ndikujambula madzi amenewo."

Alendo anafika n'kuyamba kuwomba m'manja. Ankayesa kuti ndi sewero la pa ulendowo. Makamera anali thethethe, ndipo mdala wandodo uja anapempha kuti tibwereze poti iye anafika mochedwa. Injiniya, mutu wa gulu, anawerama kuthokoza. Mlonda anamugwira kabudula ali chiweramire.

Mlamu anavala nsapato zake modekha, n'kundilanda ambulera.

"Magalasinso, alamu," anatero. "Ndikawapereka ndekha kwa mwini wake."

Woweruza anaseka mpaka anapempha madzi, koma kuseka sikunamuletse kutipatsa miyezi isanu ndi umodzi yogwira ntchito ya mzinda. Anatipereka m'manja mwa wojambula yemwe uja. Timapala makoma, timasakaniza penti, timamugwirira makwerero. Ine ndikugona pakhonde la kumbuyo kwa mchimwene wanga, ndipo akazi anga amandiyankha moni kudzera mwa ana. Kanjira kaja bamboyo anakakonza konse, kupatula malo amodzi pakati pa nyanja, pomwe pali chidindo cha nkhope ya Injiniya, mphuno yopindikira kumanzere. Akuti chimenecho sangachijambule ngakhale atafuna.

Loweruka lapitali ndinali pakabwalo komweko ndikutsuka mabulashi pamene gulu latsopano linafika. Mlamu anawaimika pakhoma paja n'kufotokoza nkhani yonse, chaka ndi tsiku, monga amafotokozera za zombo zomira. Kenako anatiloza.

"Ndipo eni akewo ndi awo. Wa chidebeyo ndi mlamu wanga."

Mayi wina anatiyang'ana mmodzimmodzi, n'kufunsa mwaulemu ndithu: "Nanga pagulu lonselo, amene ankaidziwa ntchito yake anali ndani?"

Injiniya anawongola kolala n'kutsogoza chifuwa.

"Belu," anatero mlamu wanga. "Tiyeni, tsatirani ambulera."