Mwala Woimitsa Dzuwa wa kwa Msakambewa

Amene akufuna kunditsutsa ayambiretu pano, atsutse, amalize, chifukwa ndikangoyamba sindifuna munthu wondidula pakamwa. Iwe Lunguzi, ndakuona ukumwetulira. Anyamata inu mwakhala pa bawo kuyambira mame asanaume, koma ndikakufunsani chifukwa chake minda yanu ili thengo, mukuti nthawi yachepa. Yachepa? Nthawi simuidziwa inu. Nthawi ndinaigwirapo ine ndi manja angawa, ndipo ngati ndikunama mphenzi ing'ambe mtengo uno tonse tili pansi pake.

Zinali m'zaka za Chitaganya, ine ndili mnyamata wa magazi otentha, mtima wanga uli pa mtsikana wa kwa Msakambewa dzina lake Nachisale, agogo anu omwe aja mumawaopa inuwa. Vuto linali lakuti ankamufunanso Jailosi, mtchona wochokera ku Halale, wa wotchi pamkono, amene polankhula ankakweza dzanja ngati wolumbira m'khoti kuti anthu aione. Atsibweni ake a mtsikanayo mtima wawo unali pa wotchiyo. Ndiye anandiitana, n'kundiuza kuti: "Mawa mukumbe milambala yotchinga madzi m'munda wonse wa alongo anga, poti mkuja kukubwera mlangizi, ndipo akapanda kuipeza awamangitsa. Mufolerenso nyumba yawo. Mukakhozenso mayeso a katekisimu ku mishoni, poti ife sitipereka mwana kwa wachikunja. Dzuwa likalowa zonse zitatha, mkazi ndi wanu. Likalowa chimodzi chitatsala, musadzapondenso pano."

Munda wakewo, abale anga, unayambira kudambo mpaka pamwamba pa phiri, woti munthu wa kumunsi akaitana wa kumtunda, mawu ankayamba apumira panjira.

Wina akanangothawa. Ine ndinakhala pansi n'kudzifunsa kuti kodi chimadya tsiku la munthu n'chiyani, ndipo ndinapeza kuti ndi moni. Inde, moni! Kwathu kuno ukakumana ndi munthu wamkulu panjira, pofika poti mumalize za ana, za mbuzi ndi za chifuwa cha mayi, dzuwa layenda kale. Choncho masana omwewo ndinalowa khomo ndi khomo kupereka moni wa mawa, kufunsiratu mmene adzadzukire, kuyankhiratu mmene ndidzadzukire ine, kupepeseratu ngakhale mavuto amene anali asanawagwere, kenaka ndinanola makasu atatu, n'kuviika luzi m'madzi, n'kuika chilichonse pamalo pake kuti mawa ndisafunefune kanthu. Mukumva? Ntchito ya mawa imayamba lero.

Kutangocha ndinayamba ndi milambala, chifukwa ntchito yowawa umaigwira msana ukadali wako, khasu kumanja, khasu kumanzere, lachitatu nditalimangirira kuchidendene kuti lizisalaza m'mbuyo, nthaka ya chilimwe yolimba ngati nsapato ya msilikali ikungoti phwa phwa phwa, fumbi n'kukwera mpaka anthu a ku Ntchisi anathyola nthambi kubwera kudzazimitsa moto, makasu n'kufiira psuu mpaka ndinaotcherapo mbatata n'kumadya ndikulima, thukuta n'kuyenderera m'milambalamo moti mlangizi atabwera anapeza ikusunga kale madzi, achule akuliramo mvula isanagwe. Pakamwanso sindinapasiye pachabe. Khasu likamatsika ine ndinkaloweza katekisimu mofuula, mpaka akhwangwala a m'phiri muja anaphunzira Malamulo Khumi, ndipo chaka chimenecho sanabe chimanga cha munthu. Seka, Lunguzi, koma ukafunse akuluakulu za zokolola za chaka chimenecho.

Nditamaliza ndinauyamba wa ku mishoni, ndipo panjira palibe anandiimitsa, aliyense ankangokweza dzanja poti tinali titathana dzulo. Koma atsibweni aja anali atatchera msampha. Pamphambano anaikapo mtsuko wa mowa wa masese, wothovoka bwino, anzanga atauzungulira, akundiitana ndi dzina la kubadwa. Pa zonse ndakuuzanizi, ichi ndiye chovuta kukhulupirira, koma ndikulumbira pali amayi anga kumanda: ndinadutsa. Misozi ili m'maso, koma ndinadutsa. Nditafika kwa bambo mfumu sindinadikire kuti atsegule buku, ndinangoyamba kuyankha, yankho pamwamba pa yankho, iwo n'kumabwera pambuyo ndi mafunso awo ali wefuwefu, ndipo pamene ankafunsa lomaliza ine ndinali nditaoloka kale mtsinje.

Pobwerera ndiye nkhawa inandigwira. Dzuwa linali litapendeka, nyumba ili yosafolera, mitolo ya udzu ili kutali kudambo, Jailosi atakhala pakhonde ndi atsibweni aja, akuwaonetsa wotchi n'kumaseka. Tsono mukudziwa zimene amachita apaulendo akaona kuti kuwadera: amatola kamwala n'kukaika pamphanda ya mtengo kuti dzuwa liwadikire afike kwawo. Kamwala kamagwira dzuwa pang'ono chabe. Ine ndinafuna ligwidwe zenizeni. Ndinazula thanthwe lalikulu ngati nkhokwe, n'kulisenza pamutu popanda nkhata, n'kukwera nalo mumkuyu wa pamwamba pa phiri, n'kulikhazika pamphanda kuti khu! Dzuwa linalira kwiii ngati gudumu la ngolo, n'kuima pomwepo. Wotchi ya Jailosi inkangoyenda yokha, wopanda woikhulupirira.

Zotsalazo zinali masewera. Ndinaima kudambo n'kumaponya mitolo, uliwonse ukukagwera pamalo pake padenga, ine n'kuthamanga kukafika mtolo womaliza usanatere, n'kumanga ndi luzi lija, n'kudulira m'mphepete bwinobwino, n'kusesa pabwalo, n'kukasamba, n'kudzola mafuta a nsatsi, n'kubwera kudzagwada pamaso pa atsibweni kuti zonse zatha, andipatse mkazi wanga.

Iwo anangoyang'ana kumwamba, n'kuti: "Ndinati dzuwa likalowa. Lalowa?"

Abale anga, linali lisanalowe, ndipo linalibe maganizo olowa. Nkhuku zinkangozungulira khola osadziwa chochita, ng'ombe zikulira kubusa, amayi akutukwana kuti ndani waononga tsiku. Ndinathamangira kumkuyu kuja kuti ndigwetse thanthwe, koma ndikankhe, ayi, ndiyese ndi phewa, ayi. Mphamvu zanga ndinali nditazigawa bwino lomwe, za milambala pazokha, za ulendo pazokha, za denga pazokha, koma za kuchotsa mwala ndinalibe. Ndinakhala pansi pa mtengo n'kulira ngati mwana, chifukwa ndinaona kuti mkazi ndamupeza ndi manja anga n'kumutsekerezanso ndi manja anga omwe.

Ndili chiweramire choncho ndinamva mapazi. Anali Nachisale, musi uli paphewa, wakwera phiri lonse lija yekha. Sanandipatse moni, poti nayenso ndinali nditamupatsiratu. Anangoti: "Kuyamba ntchito mumadziwa, koma kuweruka simudziwa. Tachokani apo."

Anagunda kamodzi kokha. Thanthwe linagubuduka mpaka kudambo, komwe lili mpaka lero, ndipo amene sakukhulupirira akalinyamule abwere nalo pano. Dzuwa, poti linali litachedwa, silinachite kulowa, linangogwa kuti psiti, nkhuku n'kugona pomwe zinaima, atsibweni n'kuvomera kuti mkazi ndi wanga, Jailosi n'kunyamuka osatsanzika. Tinatsika phiri tonse awiri, iye patsogolo, ine pambuyo nditasenza musi, ndipo mwezi womwewo anatilengeza m'tchalitchi.

Ndiye inu mukandiuza kuti nthawi yachepa, ine... Takhalani chete. Mwamva? Ndi iwowo, agogo anu, akundiitana. Ndipatse ndodo yanga, Lunguzi, fulumira! Dzuwa ndinaliimitsa ine, ndipo mukafuna ndiliimitsanso mawa, koma awowo sindinayambe ndawadikiritsapo.