Tadala Akayamba Koleji Lachinayi

Lolemba
Tadala akuti sukulu yamusankha. Lachinayi lililonse masana azikaphunzira ku koleji, zokonza magalimoto. Mwana wazaka sikisitini, sekondale sanamalize! Kumagalimoto kumakhala amuna okhaokha. Ine msinkhu umenewu ndinali naye kale kumsana, sukulu inathera Sitandade 7. Kumuletsa sindingathe, aphunzitsi ake akuti ndi mwayi. Ndiye asanapondeko alangizidwe ngati kwathu, ngakhale tili kuno kwa azungu. Lachitatu, kunyumba kuno. Zofunika: amayi atatu a kutchalitchi, zitenje zoyala pansi, mandasi, Tadala mwiniwakeyo.

Lachiwiri
Mayi Nkhoma avomera. Mayi Gondwe akuti aona kaye kuntchito. Mayi abusa akufunsa: "Mwanayo Chichewa amamva?" Amamva, chikakhala cha chakudya.

Lachitatu
Mandasi ndakazinga. Onse atatu ali pa shifiti kosamalira okalamba. Akuti Loweruka. Loweruka atapita kale! Ndikuyesa ndekha kumulangiza. Akugwedeza mutu bwinobwino mpaka ndikulimba mtima. Kenako ndikuona timawaya m'makutu.

Lachinayi
Ndikumutsatira. Basi yosanja yochokera ku Easterhouse, komwe timakhala, iye wakwera m'mwamba, ine pansi nditadziphimba sikafu. Mvula! Pawindo la koleji ndikumuona mu ovolosi, anyamata mbali zonse. Mayi wina wapakhomo akundifunsa zambirimbiri, mothamanga mwa anthu akuno. Ine yesi, yesi. Ndatuluka nditalembedwa pamzere wodikira kalasi la Chingerezi.

Lachisanu
Sakundiyankhula. Anandiona m'basi momwe. Mawu amodzi okha: akuti anzake amafunsa ngati ndine mkulu wake. Chokhachi chandisangalatsa.

Loweruka
Abwera onse. Alangizi akhala pansi pa zitenje, Tadala pa sofa. Mayi abusa ayamba bwino, za kudzisunga. Mayi Gondwe adula: "Pepani, malowa anawapeza bwanji? Mumalipira?" Tadala akuti ulere. Chilangizo chathera pomwepo! Tsopano wolankhula ndi Tadala. Akuti uyenera kuuza aphunzitsi chaka chisanathe, malo amatha msanga, kulinso za unamwino ndi zamakompyuta. Amayi atatu akulemba m'mafoni. Mayi abusa akweza dzanja pofuna kufunsa. Ine ndikungothira tiyi.

Lamulungu
Potuluka m'tchalitchi Mayi Nkhoma andikokera pambali. "Amake Tadala, nkhawa yanu tayimva, takonza." Mwana wawo Yamikani amaphunzira ku koleji komweko, ndiye azimuperekeza pa basi, kupita ndi kubwera. Yamikani ndimamudziwa ali kamwana ka Sande sukulu. Akumuitana. Akubwera munthu wandevu, wonunkhira mafuta, mawu ngati ng'oma. Tadala, amene amakana ngakhale kutaya zinyalala, wavomera asanamalize kumufunsa. Pa Chichewa! "Zikomo kwambiri, amayi." Mpaka kunjuta.

Ndathokoza nanenso. Nanga ndikanatani, poti ndinawaitana ndekha.