Galasi Lakuda la a Wapampando

M'mudzi wina wa kuseri kwa mapiri, kumene msewu umathera koma anthu n'kumakhalabe, munali kalabu ya alimi a phwetekere yomwe inali ndi galimoto imodzi yokha. Kanali kagalimoto ka m'tchire, ka matayala a mano ngati a thirakitala, kokwera chitunda ngati mbuzi. Mpando wakutsogolo unali wa a Chiphwanya, Wapampando Wamkulu wa Kalabu, Mlangizi wa Magudumu komanso Mwini Kiyi. Mpandowo ankaukonda kuposa dimba lawo, koma ankaupeza ndi mavoti a alimi anzawo chaka ndi chaka.

Chinkawasowetsa mtendere ndi mwambo. M'mudzimo munthu akakuona m'galimoto n'kukutchula mfunda wako, sunkapitirira. Kukangomveka mfunda wa a Chiphwanya kuti "Inu a Mbewe!" galimoto inkaima, n'kukweza mbuzi, mtolo wa nzimbe, mwina wodwala wopita kuchipatala. Bwana wathunthu ankafika kumsika atafungatira nkhuku ya eni ake, ndipo zinkawapweteka mumtima.

Tsiku lina nthambi ya msuku inaswa galasi lakutsogolo. Panaitanidwa Msonkhano Wapadera Wosankha Galasi, poti mutu umodzi susenza denga, ngakhale mutuwo utaganiza kale.

Dalaivala, a Lufeyo, anapempha galasi loyera lathunthu, lotchinga fumbi ndi mvula. Mayi Nachisale, katswiri wa phwetekere m'kalabumo, anakonda la pulasitiki yolimba: limakalika, inde, koma nthambi siingaliswe. Wina anati pakhale latheka kuti kamphepo kazilowa, anzake n'kumufunsa ngati amakonda kumeza ziwala ali paulendo.

A Chiphwanya anakonza pakhosi. "Abale anga, nonse mwayankhula zanzeru. Koma kutauni mabwana amayenda m'galasi lakuda bii, kutsogolo ndi m'mbali momwe. Ulemu wa kalabu yathu wagona pamenepo."

"Nanga maenje ndiziwaona bwanji, bwana?" anafunsa a Lufeyo.

"Dzenje losaoneka ndiye kuti kulibe. Mwaona? Takonza ndi msewu womwe."

Komiti inawomba m'manja, makamaka poti masikono anali atafika.

Galasi linagwira ntchito yake mokhulupirika. Anthu ankakuwa "a Mbewe!" mpaka kusasa mawu, galimoto n'kumangodutsa. A Chiphwanya anafotokoza kuti mwambo sunaphwanyidwe ayi: umati munthu akuone, ndipo palibe ankawaona. Phwetekere ankafika kumsika ali supu chifukwa cha maenje amene kunalibe aja. Apongozi awo enieni anayenda wapansi mpaka kuchipatala, mwendo uli wotupa, galimoto itawathira fumbi pamlatho. Sabata lomwelo Wapampando analengeza kuti matenda atheratu m'deralo, poti m'njira monse sanaonemo wodwala ngakhale mmodzi. Akulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame, koma njovu ya akuluwo inalibe galasi lakuda.

Chaka chinatha, chisankho chinafika. A Chiphwanya anaimirira atavala jekete, n'kuyamba kuwerengera alimi zabwino za utsogoleri wawo. Asanafike patali, mkulu wina wa kumbuyo anakweza ndodo.

"Pepani, kodi bambowa ndi a kuti?"

"Aa! Ndine a Mbewe anu, Wapampando!"

"A Mbewe sitinawaone chaka chino," anatero mkuluyo modekha. "Ife timayesa anasamuka."

Palibe anaseka. Alimi anagwirizana kuti mlendo sangavoteredwe, ndipo manja onse anakwera pa dzina la mayi Nachisale, amene analumbira kuti galasi lachipongwelo alichotsa sabata lisanathe. Anawanyamula ndi nthungululu mpaka kumpando wakutsogolo. Mayiwo anakhala, chitseko chinatsekedwa, ndipo anazindikira kuti m'katimo mumazizira bwino.

Mwezi wotsatira, dzuwa likuswa mtengo, a Chiphwanya anali pamsewu, dengu la phwetekere lili pamutu, nsapato zili m'manja. Atamva kulira kwa injini mtima wawo unadumpha ndi chimwemwe. Anatula dengu, n'kuima pafupi ndi dzenje lalikulu limene ankadziwa kuti a Lufeyo adzagweramo basi.

"Inu a Nachisale! Nachisale, mayi wanga!"

Galimoto inagweradi m'dzenjemo, n'kutsala pang'ono kuima. A Chiphwanya anathamangira, anasuzumira pagalasi kuti maso aphane ndi Wapampando watsopano. Pagalasi lakudalo anangoonapo chithunzithunzi cha munthu mmodzi: bambo wotuwa ndi fumbi, thukuta lili kamukamu, dzanja lili m'mwamba, akupempha kuti amukweze.

Kwa nthawi yoyamba chaka chonsecho, a Chiphwanya anaona munthu wa pamsewu.