Chikole Chotentha

M'mudzi wina umene sindiutchula dzina, popeza eni ake amawerenga nyuzipepala akatha kudya usipa wokulungidwamo, muli lamulo limodzi lokha limene palibe analiphwanyapo: chikole sabweza mwachibwana. Malamulo ena onse amapindika. Malire a munda amayenda okha, mbuzi zimasintha khola osatsanzika, koma mtsikana akangoika chikole m'manja mwa mnyamata amene anam'patsa, chitomero chatha, ngakhale kuti anangofuna kuti amugwirire kaye pamene akumanga chitenje. Momwemonso mwamuna akapereka mphatso kwa mbeta pamaso pa nkhoswe, ameneyo watomera, adziwe asadziwe.

Kale chikole chinkakhala mpango, mkanda kapena sopo wonunkhira. Kenako atsikana anazindikira kuti mpango sulira ndipo sopo sajambula, choncho chikole chinasanduka foni. Chaka chimene ndikukambachi kunafika foni ya kampani ina ya kutsidya kwa nyanja, yopyapyala, galasi lokhalokha, yongosisita ndi chala. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. M'kati mwa iyi munalibe nyerere, munali batire, ndipo batireyo ankatentha. Anthu anaipatsa dzina loti kambaula.

Lameki wa kabaza anapalasa njinga chaka chathunthu. Ananyamula makala, nkhumba zamoyo ndi amayi a mvano opita kumsonkhano, mpaka anagula kambaula n'kukapereka kwa Mwandida. Apa ndilankhule popanda chipongwe: awiriwa ankakondana zenizeni. Mwandida akamva belu la njinga ya Lameki ankapsereza ndiwo, ndipo ukwati wawo unali utalengezedwa kale kutchalitchi.

Poyamba kutenthako sikunadandaulitse munthu. Atsikana anagwirizana kuti foni imatentha molingana ndi chikondi cha woipereka. Pamjigo ankasiya zidebe zikusefukira, n'kumaikana mafoni patsaya kuti aone wokondedwa kwambiri. Mtsikana wina amene foni yake inkangofunda pang'ono anapita kwa ankhoswe akulira kuti bwenzi lake layamba kuyang'ana kwina. Ya Mwandida ndiyo inali katswiri. Ankasita nayo bulauzi Lamlungu m'mawa, ndipo nkhuku ya azakhali ake itagwidwa ndi kambuku wa miyendo iwiri, anaika foniyo pa mazira, anapiye n'kuswa onse.

Kenako kambaula anayamba kukonda mopyola muyeso. Wina anaboola thumba la diresi pakati pa kwaya. Wina anayatsa nkhokwe, mudzi wonse n'kudya mbuliwuli zaulere. Posakhalitsa wailesi inalengeza kuti kampani ikupepesa: mabatire anapangidwa molakwika ndipo atha kuyaka nthawi iliyonse. Aliyense abweze foni ndi kulandira ina yabwino. Koma panali mfundo imodzi, yoti wopereka foni yakaleyo kwa kampani akhale yemwe anaigula kusitolo, ndi dzanja lake.

Ku likulu la kampani mfundo imeneyi inali yaing'ono. M'mudzi muja inagwa ngati mphenzi. Ogula anali anyamata, osunga anali atsikana. Kuti foni ifike kukampani, inayenera kudutsa m'manja mwa mnyamata kuchokera m'manja mwa mtsikana, ndipo aliyense ankadziwa dzina la mchitidwe umenewo.

Nkhani inapita kwa a Chikakwiya, Wapampando wa Komiti Yoona za Ngozi Zogwa Mwadzidzidzi, Zogwa Mochenjeza ndi Zimene Zikuganizabe Zogwa. A Chikakwiya analinso malume ake a Mwandida, ndiye kuti nkhoswe wake. Anali munthu wa jekete ngakhale mu Okutobala, ndipo ngozi ankazikonda monga mmene wogulitsa maambulera amakondera mitambo.

"Mutu umodzi susenza denga," anatero, ndipo anaitanitsa msonkhano wa mabanzi ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi. Komiti inakumana mpaka mabanzi anatha, inabalalika, mabanzi ena atapezeka inakumananso. Pomaliza inatulutsa chigamulo chimene a Wapampando anachitcha cha mbiri yabwino. Mwambo sunayenera kukhudzidwa. M'malo mwake mtsikana aliyense wotomeredwa azinyamula foni yake m'phale, ndipo kulikonse kumene akupita azisenza ndowa ya mchenga. Kutchalitchi otomeredwa onse azikhala pafupi ndi chitseko. Pamaliro asakhale pamphasa ya eni. Mtsikana akayamba kufuka, woyandikana naye amudziwitse mwaulemu.

Mudzi unayamikira nzeruzo. Mlendo wodutsa akanaganiza kuti kukumangidwa sukulu, poona atsikana onse ali ndi mchenga pamutu. Mbeta zina zopanda ozitomera zinayamba kusenza ndowa za mchenga zopanda foni, kuti anthu asazinyoze.

Lameki yekha ndiye sankagona nazo tulo. Tsiku lina anapeza Mwandida akuchokera kuchigayo, ufa pamutu, mchenga kudzanja, foni m'phale ikuthima ndi kuyaka ngati ikupuma. Chitenje chake chinali mabowo okhaokha.

"Tangondipatsa ndikabweze, Mwandida," anatero motsitsa mawu. "Pano palibe akutiona."

"Mwatopa nane, a Lameki? Nenani poyera."

"Ukupsatu iwe. Taona matuza akowo."

"Akupsa ndine, si inu. Ukwati uli mwezi wamawa, ndiye mukufuna ndisanduke mbeta chifukwa cha matuza? Matuza amapola. Umbeta mwauonapo ukupola?"

Lameki anamukweza panjinga, ndowa ya mchenga pakati pawo, n'kupalasa pang'onopang'ono kuti mphepo isakolezere.

Kampani itaona kuti m'dera lonse mudzi umodzi wokha sunabweze foni ndi imodzi yomwe, inatuma nthumwi. Anali a Kaphale, mnyamata wa m'tauni, wa tayi ndi nsapato zosongoka, amene anaphunzitsidwa kumwetulira kasitomala aliyense ngakhale wotukwana. Anafika pa njinga yamoto, katoni ya mafoni atsopano itamangidwa kumbuyo. Anthu anasonkhana pabwalo la sukulu, anyamata mbali iyi, atsikana ndi ndowa zawo mbali inayo.

A Chikakwiya analandira mlendo ndi mawu amene anayambira pa kubadwa kwa Komiti n'kufika pa tsogolo la dziko. Dzuwa litapendeka, a Kaphale anapatsidwa mpata.

"Amayi ndi abambo, n'zosavuta," anatero. "Amene akusunga foni aipereke kwa amene anaigula, ameneyo andipatse ine, ine ndipereke yatsopano. Tiyambe ndi ndani?"

Panalibe anasuntha. Atsikana anakumbatira mapale awo. Amayi ena anapukusa mitu, kudabwa kuti kampani yaikulu chonchi ingatume munthu kudzathetsa maukwati masana dzuwa likuswa mtengo.

"Mwina simunamve," a Kaphale anapitiriza, akumwetulirabe. "Mafoni amenewa atha kukuphani."

"Tamva, bwana," anayankha a Chikakwiya. "N'chifukwa chake tili ndi mchenga."

Nthawi yomweyo kambaula wa Mwandida, amene anali atakhala padzuwa kumvetsera mbiri ya Komiti, anatopa. Analira kuti tswiii, natulutsa utsi wonunkha ngati tayala. Phale linasweka, foni inagwera pamiyendo pa Mwandida, ndipo iye, asanaganize za mwambo, anaitola n'kuiponya. Lameki anali atathamangira kale kudzamuthandiza, manja ali patsogolo. Foni inatera m'manja mwake.

Lameki anaiponya m'ndowa ya mchenga, koma zinali zitachitika.

"Tonse taona," anatero a Chikakwiya, akuvula chipewa ngati pamanda. "Chachoka m'manja mwa mwana wa mlongo wanga, chalowa m'manja mwa mnyamata. Chitomero chatha."

Mwandida anagwira kukamwa, misozi n'kuyamba. A Kaphale, amene sankamva chilichonse mwa izi, anangoona kuti kasitomala mmodzi wachita zimene anapempha. Anang'amba katoni mwachimwemwe, natulutsa foni yatsopano, napita nayo kwa mayi wolirayo kuti amutonthoze. Anaipereka ndi manja awiri, atawerama pang'ono monga anaphunzitsidwira.

"Musalire, chemwali. Iyi ndi yanu. Ndikukupatsani ndi mtima wanga wonse, ndipo mukakhala ndi vuto lililonse muziimbira ine, usana kapena usiku."

Nthungululu zimene zinatuluka pamenepo zinathamangitsa akhwangwala padenga la sukulu. A Kaphale anagwedeza mutu mokondwa, akuganiza kale za mmene akafotokozere mabwana ake kuti makasitomala a kumudzi amadziwa kuyamika. Safunsa anadya phula.

A Chikakwiya anavalanso chipewa, nawagwira mlendoyo dzanja kwa nthawi yaitali.

"Takulandirani, akamwini. Kwanu n'kuti? Nkhoswe wanu ndani? Khasu mumalitha? Munda wanu tikuonetsani mawa, uli ndi zitsa pang'ono."

"Munda wanji, bambo? Ine ndili ndi mkazi ndi ana ku tauni."

"Zimenezo mukanatiuza musanapereke."

Pamene a Kaphale ankayesa kudziteteza, atsikana ena anali atayamba kuganiza. Anayang'ana nsapato zosongoka. Anayang'ana njinga yamoto. Anayang'ana katoni imene inali ikadali yodzaza, kenako anayang'ana anyamata awo. Mmodzi anaimirira, nakasiya phale m'manja mwa bwenzi lake, n'kukaima kutsogolo kwa katoni. Wachiwiri anatsatira. Posakhalitsa panali mzere, ndipo kumapeto kwake kunali mbeta zija zosenza mchenga wopanda foni. Mbali ya anyamata kunayamba kumveka phokoso la anthu ozula mitengo ya mpanda wa sukulu.

Mwandida anali chikhalire, foni yatsopano ili m'manja. Inali yozizira bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri zala zake zinapuma. Anaiika patsaya. Kenako anaona Lameki ataima payekha pafupi ndi ndowa, akuuzira m'manja mwake. Mtsikanayo anadzuka, nadutsa mzere wonse, nagwada pamaso pa a Kaphale.

"Pepani bambo, tengani chikole chanu. Ndili naye kale wanga."

A Kaphale anailandira foniyo ngati munthu wotulutsidwa m'ndende.

"Tonse taonanso," analengeza a Chikakwiya. "Chitomero chachiwiri chatha. Koma mlandu ulipo. Mlendoyu wasokoneza banja la eni, watomera ali ndi mkazi, ndipo wayambitsa mzere. Komiti ikugamula kuti alipe chindapusa." Anatsokomola, maso ali kumbuyo kwa njinga yamoto. "Katoniyo ikwanira."

A Kaphale anayang'ana mzere wa atsikana, anayang'ana mitengo ya mpanda, ndipo sanachite apilo. Njinga yamoto inatuluka pabwalo popanda kutsanzika. Ku likulu anakanena kuti anthu a mudzi umenewo ndi okhutira kotheratu ndi mafoni awo akale.

Atsikana a pamzere anabwerera kwa anyamata awo mwakachetechete, ndipo ankhoswe anagwira ntchito sabata yonse kukonza zimene zinagumuka. Lameki sanadikire. Pomwepo anafukula kambaula mumchenga. Batire anali atatupa ngati chule, koma galasi linkaphethirabe. Foniyo anaikulunga m'kansalu konyowa n'kuipereka kwa Mwandida pamaso pa amalume ake, ndipo iye anailandira akulira ndi chimwemwe, akuisinthasintha manja.

Ukwati unachitika pa tsiku lake, m'chisakasa chachikulu cha udzu. Chikole anachiika patebulo la ulemu pafupi ndi keke, ndipo mlamu wina wa mtima wabwino anachilumikiza ku jenereta kuti nachonso chidyeko. Perekaniperekani atafika pachimake, panamveka kuti phuu. Nsalu ya patebulo inayaka, udzu n'kulandira. Lameki ananyamula mkwatibwi n'kutuluka naye, anthu onse pambuyo pake, osaiwala mapoto a nyama.

Komiti yonse inalipo, ndipo inachitapo kanthu msanga. Membala aliyense anatulutsa m'thumba foni yatsopano yozizira, naima pamalo oonekera bwino, n'kuyamba kujambula.

"Amalume, madzi!" anakuwa Mwandida. "Tithandizeni kutunga madzi."

"Ndowa ndiigwire ndi dzanja liti, mwanawe?" anayankha a Chikakwiya, osachotsa maso pagalasi. "Tasuntha pang'ono, ukutchinga moto."

Zithunzi zinatuluka zooneka bwino kwambiri, moti Komiti inaitanidwa ku hotela ya m'tauni kukaphunzitsa makomiti ena za kufika msanga pa ngozi.

Moto utazima, Mwandida anatenga kamtengo n'kufufuza paphulusa pamene panali tebulo. Sanapeze kanthu, ngakhale kabatani. Anaimirira pang'onopang'ono, velo litapsa theka, nayang'ana mwamuna wake ndi nkhope yowala.

"A Lameki, chapsa chonse. Ngakhale titayambana chotani, ndidzakubwezerani chiyani?"

Ankhoswe anakhala pansi kusinkhasinkha, ndipo anavomereza kuti mwambo sudziwa njira yobwezera phulusa. Ukwati wa Lameki ndi Mwandida unali woyamba m'mbiri ya mudzi umene sungathe.

Atsikana otomeredwa anali ataima chapafupi, ndipo anamva. M'mawa mwake ndowa za mchenga zinapezeka zitatayidwa kuseri kwa mjigo. Pa sitolo yotchajitsa mafoni panali mzere wofika kumsewu, ndipo aliyense potuluka ankapita kukayanika kambaula wake padenga la malata, pamene dzuwa limamenya bwino. Anyamata akhala akuimbira kampani ija tsiku ndi tsiku kuti itumizenso nthumwi, koma a Kaphale akuti anasintha nambala.