Khanda la Makutu Aatali

Nzeru za Eleuterio zinkabwera akakhuta mowa wa chicha, n'chifukwa chake ku Juliaca konse ankamutcha Mapulani. Tsikulo ankamwa ndi anzake awiri: Nicanor, wodziwika kuti Chimimba, ndi Zacarías, amene ankamuti Msomali chifukwa cha kuwonda.

"Mafana, dilu ndi iyi," anatero Mapulani. "Mayi Serafina a ku Macusani ali ndi kamwana ka alipaka, chiweto cha khosi lalitali chija, kakuda bii, ka ubweya wolendewera. Wogula ndamupeza kale."

"Tikathyole khola?" anafunsa Msomali.

"Kuthyola n'kwa mbuli, aise. Loweruka amalola mabanja kukaona ziweto. Tikalowa masanasana ngati banja. Ine bambo, iwe malume, Chimimba mayi. Popita tibereka thumba la mbatata ngati khanda, pobwerera m'mberekomo mukhala alipaka."

"Mayi ndikhale ine chifukwa chiyani?" anadandaula Chimimba.

"Chiuno uli nacho ndiwe."

Kamwanako sikanali ka malonda. Mayi Serafina anali atalonjeza kukapereka kwa mdzukulu wawo Luzmila pa mwambo wometa tsitsi loyamba, ndipo anali atakamanga kale ulusi wofiira m'makutu. Kwathu kuno gogo wofika pa mwambo umenewu chimanjamanja amayenda chozolika chaka chonse.

Loweruka banja lija linatulukira pa kapikapu kobwereka. Chimimba anali atameta ndevu, atavala masiketi osanjikiza ndi chipewa cha azimayi.

"Takulandirani," anatero mayi Serafina. "Koma khanda lanu n'lofatsa bwanji!"

"Latengera bambo ake," anayankha Chimimba ndi timawu toonda ngati tsinde la udzu.

Mapulani anawatangwanitsa mayiwo ndi mafunso a ubweya. Kuseri kwa mpanda wamiyala, mbatata zinatsika, kamwana kanakwera. Mpaka apa, ndivomere, zinayenda bwino.

Vuto linali lakuti akatswiri athuwa anakulira m'tauni, alipaka ankangoidziwira m'mbale ndi pa juzi. Kamwana kakatalikana ndi make kamang'ung'udza, "mmm, mmm," ndipo make amanyamuka kukalondola. Komanso alipaka siyenda yokha. Ikanyamuka imodzi, khola lonse lanyamuka.

"Bwana, alipaka zikutitsatira," ananong'ona Msomali atacheuka.

"Zikutiperekeza, ndi ulemu umenewo. Yendani ngati anthu."

Anayendadi ngati anthu, gulu lonse la alipaka lili pambuyo pawo ngati ukwati. Ana a mabanja ena anayamba kuwomba m'manja poganiza kuti ndi chionetsero.

"Mayi, taimani kaye!" anaitana mayi Serafina. "Khanda likulira chonchi, simuliyamwitsa?"

Nthawi yomweyo m'mbereko munatuluka makutu awiri aataliatali, ulusi wofiira uli lendelende. Mayi Serafina anauzindikira ulusi wawo, koma nkhope sinasinthe.

"Ha! Makutuwa latengera kuchimuna kapena kuchikazi?"

"Kwa malume akewa," anatero Chimimba, akuloza Msomali. Koma anaiwala timawu tija, analankhula ndi liwu lake lenileni la kumowa.

Make kamwanako sanafune kumva zambiri. Anagoneka makutu, nakweza khosi, namulavulira Chimimba chimalovu chobiriwira cha m'mimba pakati pa maso penipeni. Chipewa chinagwa, dazi linaonekera. Poti athawe, masiketi anamukola miyendo, anagwa chafufumimba, kamwana kanapulumuka n'kuthamangira kubere.

Mapulani ndi Msomali anafikadi pa kapikapu, n'kupeza alipaka zagona mumsewu kutsogolo ndi kumbuyo, zikubzikula mosatekeseka. Analiza hutala mpaka alonda a m'mudzi anawamva, nabwera kudzawatenga osavutika n'kufufuza komwe.

Luzmila anametedwa, ndipo kamwana kake ka alipaka anakalandira, gogo ali mwee. Pa mwambowo ine ndinalipo. Mayi Serafina anatiikira mbale ya mbatata zotentha ndi tchizi.

"Idyani, abale," anatero. "Ndi khanda la alendo aja, analiiwala kuseri kwa mpanda. Linali lofatsa, ndipo lapsa bwino."