Njinga Kumbuyo, Apongozi Kutsogolo

Lolemba

Sabata yake ndi ino! Loweruka ndikupita ku Nkhulambe kukapempha chitengwa. Ndatopa ine. Nyumba ya pasukulu pano ili ndi magetsi, simenti, chitseko chotsekeka bwinobwino, koma ndikugonamo ndekha ngati mlonda. Mkazi wanga, mayi a Tamanda, ali kwawo, ine Lachisanu lililonse ulendo wokalima munda wa eni ake. Mawu omaliza ali ndi amalume awo, a Muliya. Akangoti eya, mkazi wanga ndikumutenga.

Zida zanga:
– njinga yatsopano, mphatso yokapatsa a Muliya
– jekete
– ankhoswe anga, a Likhutcha
– galimoto!

Galimotoyi ndi ya mng'ono wanga Yohane wa ku Blantyre. Yamagetsi, yosamwa petulo, yotchaja ngati foni. Wandisiyira sabata yonse, iye wapita ku Lilongwe pa basi. Potsanzika akuti: "Achimwene, yendani nayo, koma musapachikepo kanthu."

Njinga ikukana kulowa m'kati. Chamutu yakana, chammbali yakana. Ndipachika basi. Yohane adziwa bwanji?

Lachiwiri

Wowotcherera wa pamsika wandipangira kaliyala yachitsulo, wayimanga ndi mabawuti pansi pa bampala. Njinga yakhalapo ngati inabadwira pomwepo. Ndikulowa, ndikuika giya yobwerera m'mbuyo.

Tii! Tii! Tiiiiiiii!

Kenako gwa! Yadzimanga yokha mabuleki. Ndikutuluka mtima uli m'mwamba, ndikuti ndaponda mwana wa eni. Kulibe mwana. Kulibe mbuzi. Ngakhale nkhuku!

Pa bampala pali timabatani tozungulira. Wowotcherera akuti ndi timaso ta galimoto, tikuona njinga n'kumayesa khoma. "Ndiye ndi yochenjeratu iyi," akutero. Yochenjera chiyani, yosadziwa katundu wake womwe?

Andikankha ndi anyamata a kabaza. Iwo mano onse panja, akundiseka.

Lachitatu

Zomwe ndayesa lero:
– kumata timaso ndi tepi yakuda: ikukuwa kuposa dzulo
– kumata ndi chingamu: ikukuwabe, ndipo nyerere zabwera
– kukwezera njinga m'mwamba: tayala likulendewera pamaso pake pomwe
– kuikalipira: palibe

Pa sikirini payenera kukhala pozimitsira. Koma zolemba zonse n'Chijapani! Ndadina apa, ndadina apo. Tsopano mpando ukuwotcha kumatako, magalasi a m'mbali apinda makutu, ndipo muli mayi wina akuyankhula mwaulemu kwambiri osapuma. Sindikumva, koma ndikudziwa akundinena.

Ahedi atulukira pakhonde: "Aphunzitsi, ana akuyesa belu lowerukira." Zoonadi. Sitandade 3 yonse ili pamsewu, mabuku kumutu.

Ndakwiya, ndakwiya zedi.

Lachinayi

Foni ndaitenga, ndaisiya, ndaitenganso. Ndalembera Yohane mozungulira: galimoto ikamati tii tii imakhala ikufuna chiyani? Yankho lafika ndisanaphethire: "Mwapachikapo chiyani?"

Foni ndazimitsa.

Magetsi nawo azima. Galimoto ili pa waya ngati mbuzi pachingwe, osadya kanthu.

Madzulo ndayatsa foni, mayi a Tamanda akuimba. Akuti Tamanda wamanga kale zovala zake m'jumbo, akuuza anzake onse kuti akusamukira ku nyumba ya magetsi. Akutinso: "Mubwere mwaulemu wanu uja. Mayi ndi amene akukuyankhulirani kwa malume."

Ndi zoona. Chuma changa ku Nkhulambe ndi ulemu basi. Chikwatirire sindinawayang'anepo kumaso apongozi anga akazi. Tikakumana panjira ndimapatuka ndine, chipewa m'manja, n'kunyonyomala m'tchire, moni n'kumaperekera chakumbali. Tsiku lina ndinanyonyomala pa linthumbu osadzuka mpaka atadutsa. Amaikamba nkhaniyo mpaka lero.

Lachisanu

Magetsi abwera. Nzeru nazo zabwera!

Imakuwa pobwerera m'mbuyo pokha. Ndiye osabwerera m'mbuyo. Basi! Kwa a Muliya bwalo ndi lalikulu, ndikangozungulira mtengo wa mango n'kuyang'ana komwe ndachokera. Ndayeserera pa bwalo la mpira, kuzungulira golo uyu, kuzungulira golo uyo. Ikuyenda phee, yosamveka n'komwe. Mwina ndinaiweruza msanga.

A Likhutcha aiona, azungulira, agogoda kaliyala ndi ndodo. "Bwanji tingokwera minibasi, njinga pamwamba?" Ayi. Mkamwini wofika pa minibasi amuona kale. Ndikufuna aone kuti mwana wawo akupita pabwino.

Jekete ndasita. Tepi ndamatula, chingamu chakana.

Loweruka

Mayo ine.

Ulendo wonse bwinobwino. Phiri la Michesi lili apo, fumbi kumbuyo, njinga yosagwedera. Tikupatuka pamsewu kulowa kanjira kopita kwa a Muliya. Ndinaiwala kuti n'kanjira ka ngolo chabe. Uku khonje, uku khonje, minga ikukanda zitseko. Ndikukwera pang'onopang'ono, ndikukhota pa mtengo wa bulugamu, ndipo ndani uyo?

Apongozi. Thumba la chimanga pamutu, ulendo wa kuchigayo.

Ikanakhala galimoto ya anthu, akanaimva kutali n'kudzera njira ya kumunda. Iyi yafika ngati mphaka. Pofunika phokoso ili chete! Tangoyang'anana, maso ndi maso, pagalasi. Kodi ali ndi kachipsera pachipumi? Sindimadziwa.

Wopatuka ndi ine. Ndikutsegula chitseko kuti ndikanyonyomale, khonje wakana. Mbali ya a Likhutcha chimodzimodzi. Kwatsala chimodzi. Ndikuika giya ija, ndikupemphera.

Tiiiiiiiiii! Gwa!

Ndikuyesanso. Tiiiiiii! Gwa! Mayi wa Chijapani naye wayamba. Apongozi adzidzimuka, thumba lapendekeka. Iwo sakudziwa za timaso. Akungoona mkamwini wakhala pampando, jekete pathupi, akuwalizira belu kuti achoke panjira. Ndikukupiza manja kuti pepani, zikuoneka ngati ndikuti fulumirani.

A Likhutcha aphimba nkhope ndi chipewa. "Ine kulibe," akutero.

Apongozi atembenuka mwakachetechete. Akubwerera kumtunda, thumba pamutu, osacheuka. Ine poti kuima sindingaime pamenepo mpaka Khirisimasi, ndikutsatira pambuyo, pang'onopang'ono, ngati ndikukusa mbuzi. Mpaka pabwalo. Pamphasa pali a Muliya, mbumba yonse, mayi a Tamanda. Tamanda ali ndi jumbo yake m'manja.

Ndafotokoza. Timaso, bampala, khoma, Chijapani. Ndagwada mpaka fumbi lalowa m'jekete. A Likhutcha ayankhula bwino, ndisawanamizire. A Muliya amvetsera zonse, njinga ailandira ndi manja awiri, aliza belu lake, ayesa mabuleki. Kenako akuti: "Aphunzitsi, ngati pakhomo pathu pano mukubweza apongozi panjira ndi belu, kwanuko mwana wathu mukamutani?"

Za chitengwa akuti tidzakambe tikakolola nandolo wa chaka chamawa.

Apongozi, amene ankandiyankhulira aja, sanandiikire kumbuyo. Ndi chimene chikundipweteka. Angosenzanso thumba lawo n'kudzera njira ya kumunda.

Lamulungu

Ndabwerera kusukulu. Kutchalitchi sindinapite, nkhani yafika kale.

Kaliyala ndamasula m'mawa, ili kuseri kwa bafa. Yohane wafika masana. Akuyang'ana zitseko zokandika, akuyang'ana chingamu, akuyang'ana ine. Ndamuuza zonse. Waseka mpaka wakhala pansi. Kenako walowa, wapisa dzanja pansi pa chiwongolero, pafupi ndi bondo lamanja. Pali kabatani. Kamodzi. "Mukapachika katundu mumangodina apa, achimwene. Bwanji osafunsa?"

Sabata yonse bondo langa lakhala likukhudza kabatani kameneko.

Wabwerera m'mbuyo mpaka pamsewu, phee, ngati si yomwe ija. Wapita.

Zotsala:
– kaliyala yopanda ntchito
– jekete yofuna kuchapa
– nyumba ya magetsi, munthu mmodzi

Anthu akuti awaona a Muliya pamsika ndi njinga, akuliza belu aliyense. Tamanda akukana kumasula jumbo yake. Mayi ake anditumizira mawu: "Khasu lanu lili pomwe munalisiya. Lachisanu mubwere wapansi."

Ndipita wapansi. Ndikayambira kunyonyomala pa bulugamu paja.