Obadiah Wogogoda Makoma

Ku Chamboli kuno, aliyense amene anakhalako zaka za ufulu n'kumati sanagogodedwepo ndi malemu Obadiah Mhango ndi wabodza. Mkuluyu anagwira ntchito mumgodi zaka makumi atatu, akugogoda miyala yakudenga ndi chitsulo chachitali. Mwala ukalira kuti ngwee, anthu alowe. Ukati bububu, aliyense athawe. Atapuma ntchito anangodula chitsulocho n'kuchisandutsa ndodo, koma khutu lokha linakana kupuma.

Ankagogoda mavwende pamsika, njinga za eni, ngakhale wailesi ya abusa. Kalaliki wina atabwera kudzafunsira mwana wawo Rebecca, anamugogoda pachifuwa ndi chala.

"M'katimu mulibe zambiri," anatero. "Koma sagwera munthu. Mutenge."

Kopa wa m'migodi yathu atakwera mtengo, ndalama n'kuyamba kupezeka, tinayamba kuchita manyazi ndi tchalitchi chathu chakale cha njerwa zosawotcha, chimene anthu ochokera ku Nyasalande anaumba okha akaweruka kumgodi. Wamalonda wina wa ku Ndola anafuna kuchigula kuti chikhale holo ya dansi. Wotsogolera ofuna kugulitsa anali Mayi Muriel Chirwa, mkulu wa mpingo, amene anali atangosamukira kumayadi ku Nkana East n'kuyamba kuvala magolovesi.

"Awe mukwai, ayi ndithu abale, chigwera ana athu ichi!" anatero pamsonkhano. "Tigulitse, timange chamakono."

"Ndiye chikagwera ovina zili bwino, mayi?" anafunsa a Obadiah.

Iwo nkhaniyi inkawawawa. Anaponda nawo dothi la njerwazo, ndipo ukwati wawo ndi malemu Mayi Martha unali woyamba kudalitsidwa mmenemo.

Tinakangana mwezi wathunthu, mpaka amayi a mvano analeka kuonetsana buku la nyimbo. Abusa atatopa anati, "Akulu, khutu lanu silinaphetsepo munthu. Gogodani makomawa, ndipo chimene munene tichita."

Ofuna kugulitsa anang'ung'udza kuti mlandu waweruzidwa kale.

Lamulungu lotsatira, mapemphero atatha, mkulu uja anavula jekete. Khoma loyamba, ngwee. Lachiwiri ndi lachitatu chimodzimodzi. Atafika kuseri kwa gome anagogoda kamodzi, kawiri, n'kuima nthawi yaitali. Ine ndinali pafupi, ndipo ndikulumbira kuti sindinamve kusiyana kulikonse. Akanati ngwee, tonse tikanavomera.

"Lafa ili," anatero motsitsa mawu. "Ndinamanga ndine. Ndinkathamangira kukaona Martha dzuwa lisanalowe."

Mayi Muriel anatsegula pakamwa kuti alulutire, koma ataona nkhope ya mkuluyo anatsekanso.

"Komatu mayi," anapitiriza a Obadiah, "pansi paja mbali imodzi ikafa sitigulitsa mgodi. Timachirikiza ndi mizati, kenako n'kukonza. Muli anthu a mgodi angati muno?"

Anaimirira theka la mpingo.

Loweruka anabwera atavalabe zipewa zawo zolimba ndi majombo, akuimba ngati akutsikira pansi. Anachirikiza denga, kugumula khoma lija, kumanga lina. Masana Mayi Muriel anatulukira ndi ndowa ya munkoyo, thobwa lakuno.

"Musandiyang'ane," anatero. "Ndangobwera kudzaona chikugwa."

Anachoka madzulo magolovesi ali matope okhaokha.

A Obadiah anatisiya dzinja lathali. Mwambo wa maliro unachitikira mmenemo, anthu mpaka kunja, Akatolika a ku Bulangililo ataima pamvula osadandaula. Chamboli akadali waphokoso monga kale, mikangano yampingo ikadalipo, koma tsopano tikasiyana maganizo timayang'anayang'ana, kusowa munthu amene mbali zonse zingamukhulupirire.

Mwezi watha wamalonda uja anabweranso, atamva kuti mdani wake, a Obadiah, kulibenso. Anapeza Mayi Muriel akusesa pakhonde, ana a sukulu ya mkaka akuimba m'kati.

"Mayi, nkhani ija tingaikambenso?"

Iwo sanaleke kusesa. "Eni ake achokapo, bambo. Mudzabwere akadzabwera."